Mayi Wolankhula M'injini ya Alamu Anga

Nkhani iyi ndikamafotokoza anthu amati ndikukokomeza, koma ndikunenetsa kuti zinachitikadi, osati usiku kapena kutulo, koma masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili maso komanso ndisanamwe china chilichonse kupatula tiyi.

Ine ndimagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu pa boma pa Mwanza, ndipo nyengo ya manachesi ikakwana ndimakaoda kumidzi ya kupitirira Thambani. Zaka za m'mbuyomu ankanditenga ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, pa pikapu yawo yakale ya batire yofooka, imene kulikonse tikafuna kuima tinkayamba tayang'ana potsetsereka. Bambowa ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa, koma ali ndi matenda amodzi: akaona chinthu choyaka timagetsi mtima wawo sukhala m'malo.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku malire ndi zinthu ziwiri zimene anagula kwa dalaivala wa thiraki. Choyamba chinali kabokosi kolizira galimoto batire ikafa, kokhala ndi mawaya awiri a mano ngati nkhanu, lofiira ndi lakuda. Anatiuza kuti dalaivalayo anali nato tiwiri, kena kolemera kosaoneka bwino, kamene mwiniwakeyo ankati ndi kodalirika, ndi kena kopepuka kokhala ndi tochi, potchajira foni ndi timagetsi tobiriwira. Inu mukuganiza kuti anasankha kati? Pepala la malangizo linali la Chipwitikizi, iwo n'kunena kuti zilibe kanthu poti magetsi ndi amodzi dziko lonse. Chachiwiri chinali bokosi lofiira la mtanda woyera, lodzaza mabandeji, thonje ndi mankhwala otsukira bala. Analiika pamwamba pa kabati m'nyumba, n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo tiziyenda ngati anthu a mabungwe.

Patapita masabata angapo tinanyamuka, iwo atanyamula zida zawo zonse. Tinaoda bwino, pikapu inadzaza mpaka pamwamba. Pobwerera pali malo ena pamene msewu ndi wamiyala, wopapatiza, ndipo umatsetsereka kukafika pa kamlatho ka mitengo. Kumanzere kwake kuli nkhalango ya manda. Pamenepo alamu anachepetsa liwiro pofuna kuzemba chigwembe, injini n'kuzima. Atapotokola kiyi inangoti kwe, basi.

Ndinawauza kuti poti tili potsetsereka kale, angoisiya iyende ilire yokha monga mwa masiku onse, makamaka poti malowo sanali ochezera. Anandiyang'ana momvera chisoni n'kunena kuti moyo umenewo tinausiya. Anatsika, anaika mwala kutsogolo kwa tayala chifukwa handibuleki inafa kalekale, anatsegula boneti, n'kulumitsa mano aja pa batire.

Apo m'pamene tinamva mawu a munthu wamkazi akuchokera m'injini.

Anali mawu odekha, osafulumira, m'chilankhulo chimene panthawiyo sindinachizindikire. Ananena zonena zawo, anakhala chete, kenako anabwereza zomwezo. Ndinayang'ana kumbuyo, kopanda munthu. Kumanja kunali udzu wokhawokha. Kumanzere sindinafune kuyang'anako n'komwe. Ndinayamba kudzifunsa ngati sitinaimbe hutala pafupi ndi manda kapena kuseka mokweza. Alamu anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kuyang'ana kunkhalango kuja.

"Pepani amayi, ife tikungodutsa," anatero.

Mayiyo anabwerezanso zomwe zija. Ndinawanong'oneza kuti apemphere, poti mkulu wa mpingo ndi iwo, koma pemphero limene linawabwerera m'mutu linali lodalitsa chakudya. Kenako anathothola mawaya aja, mawu n'kuleka. Tinayang'anana. Koma pochoka pamalopo panalibe njira ina imene mutu wawo unkaganiza, ndiye anawalumitsanso. Ulendo uno mayiyo ananena liwu limodzi lalifupi, timagetsi tobiriwira n'kuyaka. Alamu anati watikhululukira, ndipo anandiuza kuti ndisunthire pampando wa dalaivala ndipotokole kiyi, ndisakhudze china chilichonse.

Ine chibadwire sindinayendetsepo ngakhale njinga. Ndikanadziwa bwanji kuti galimoto anaisiya m'giya?

Nditangopotokola, pikapu inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, inakwera mwala uja, inawakankhira alamu kumbali, n'kuyamba kutsetsereka injini ikulira. Boneti inali chiimire kutsogolo kwanga moti sindinkaona kanthu koma chitsulo. Ndinaponda chimodzi mwa zopondera zija, galimoto n'kuwonjezera liwiro. Nthawi yomweyo mayi uja anayambanso, koma tsopano mawu ambirimbiri osapuma, ndipo kabokosiko kanayamba kulira ngati ambulansi. Lero ndimaseka, koma pamenepo ndinaona imfa. Ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli kamlatho kamene ngakhale dalaivala wodziwa amawoloka atagwira mtima, ndipo m'mutu mwanga munangobwera nkhope za ana anga, kuti adzawauza chiyani, kuti mayi wanu anapita ndi manachesi?

Nditasuzumira pawindo ndinaona alamu akuthamangira galimoto, manachesi akukhuthukira mumsewu, iwo akuwaponda, kugwa, kudzuka, kugwanso. Ankakuwa kuti chapakati, alamu, chapakati. Iwo ankanena chopondera chapakati, chimene ndi buleki. Ine ndinamva ngati akuti ndiyende pakati pa msewu, ndiye ndinagwira chiwongolero n'kuyamba kuusakasaka msewu umene sindinkauona. Kusakako n'kumene kunandipulumutsa, chifukwa galimoto inasiya msewu kamlatho kasanafike, inalowa m'dimba la munthu, inagwetsa nthochi zingapo, n'kutitimira m'matope mpaka kuzima. Ndinakhala momwemo nditakumbatira chiwongolero.

Alamu anafika akutsimphina, magazi akuyenderera kuchokera pachipumi mpaka pakolala, bondo litang'ambika moti ndinaona zoyera mkati. Anakhala pansi n'kunena kuti akuona chizungulire. Apa mantha anandigwira kachiwiri, chifukwa chipatala chinali kutali ndipo foni inalibe netiweki. Ndinathamangira bokosi lofiira lija, ndikuthokoza mumtima kuti pa zinthu ziwirizo chimodzi chitithandiza. Nditatsegula ndinapezamo ulusi wamitundumitundu, mabatani, singano, zipi yakale ndi mbewu za maungu zokulunga m'pepala. Tinadzamva pambuyo pake kuti achemwali anga anaona kuti bokosilo limatsekeka bwino, ndiye mabandeji anawakhuthulira m'jumbo n'kuikamo zosokera zawo.

Alamu ataona ndagwira singano ndi ulusi, chizungulire chinawathera pomwepo.

"Alamu, chonde, musandisoke," anatero.

Ndinatsuka mabalawo ndi madzi akumwa amene tinatsala nawo, ndinang'amba chitenje changa chatsopano n'kumanga mwamphamvu pabondo ndi pamutu. Mwini dimba, mayi wina wachikulire, anabwera ali wokonzeka kukalipa, koma ataona magazi anakaitana anthu. Anazula galimoto m'matope, mmodzi wa iwo wodziwa kuyendetsa anatifikitsa ku chipatala cha pa Thambani, kumene alamu anakawasoka ndithu, koma ndi anthu oyenera. Manachesi ambiri anatsala mumsewu, ndipo ndimamva kuti anthu a m'mudzi wa pafupi anadya mpaka mano kuyayamira.

Atachira tinaitana mnansi wathu wina, amene mayi ake kwawo ndi ku Zobue, kutsidya kwa malire, kuti adzamve kabokosiko, poti tinaganiza kuti mawu aja ankachokera m'menemo. Alamu analumitsa mawaya mwadala mosemphanitsa, mayi uja n'kulankhula. Mnansiyo anaseka mpaka kukhala pansi. Anati ndi Chipwitikizi wamba, akungonena kuti mwasemphanitsa mawaya, ndipo liwu lalifupi lija likutanthauza kuti zakonzeka. Koma mawu ambirimbiri amene ndinamva potsetsereka paja, tinayesa njira zonse, kukagwedeza, kukatembenuza, kukagwetsa pansi, sanabwerenso.

Lero ndimavomereza kuti anali makina, ndipo ndikakhala pagulu ndimanena choncho. Koma ndikakhala ndekha ndimaganiza kuti makina amene akudziwa kuti wasemphanitsa mawaya sangalephere kudziwa kuti amene wakhala pachiwongolero si dalaivala, ndipo ndimakhulupirira kuti mayiyo ankandilangiza, kungoti sitinkamvana. Ndiye inu amene mumayenda misewu ya kumidzi, mukamagula kabokosi kotere musatengeke ndi timagetsi, funsani ngati kamalankhula, ndipo mukayesere pakhomo panu pali anthu, osati pafupi ndi manda. Bokosi la mankhwala muzilitsegula m'mawa uliwonse wa ulendo, muone ndi maso anu zimene zili mkatimo. Ndipo munthu akakuuzani kuti mungopotokola kiyi basi, yambani mwamufunsa kuti buleki ndi iti.