Okwera Lifiti Tinkangoti Zii

Kodi munayamba mwamuuzapo munthu amene wakukwezani lifiti kuti galimoto yake ili ndi vuto? Ine ndachita zimenezo sabata ino.

Aneba anga ku Chinsapo, bambo Chisale, ali ndi pikapu ya zitseko zinayi, ija yokoka ndi mateyala onse. Dzinja lapitali anatopa ndi kukhula pansi m'maenje a msewu wathu, ndiye anakaikweza kugalaja. Inabwerako itatalika moti azimayi amakwera dzanja lina lili pachitenje, lina likukoka chitseko. Tonse tinaiyamikira. Tikanalekeranji, poti m'mawa uliwonse imatitenga kupita m'tauni ulere?

Koma chiikwezereni, galimotoyo inayamba khalidwe lachilendo. Ikangoponda tala n'kuyamba liwiro, mpando wakumbuyo unkanjenjemera mpaka mapazi kuchita dzanzi. Mayi Nabanda, omwe timakwera nawo, ankatsika akusisita msana, kenaka n'kuwerama pawindo: "Zikomo kwambiri bambo, tayenda bwino."

Kutsogolo kunali mtendere. Chiwongolero chili phee, wailesi ikuliza nyimbo za kwaya, a Chisale akuthira besi.

Chinandisowetsa mtendere n'chakuti Loweruka likubwerali galimoto yomweyo ipita ku Mchinji, ku chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo akazi anga ali m'gulu la okakhala kumbuyoko. Kunjenjemera kwa pakati pa Chinsapo ndi m'tauni ndikhoza kupirira. Nanga msewu wautali uja, anthu atadzaza?

Lolemba ndinalimba mtima.

"Bambo, pepanitu, kumbuyo kuno galimoto ikunjenjemera."

Anatsitsa wailesi. "Mwati bwanji, achimwene?"

"Ikunjenjemera, bambo. Yayamba kale."

Ndinacheuka kuti anzanga andiikire umboni. Mayi Nabanda anali atatanganidwa ndi foni yawo mwadzidzidzi. Mkulu wina pambali pawo ankawerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu ngati akuziona koyamba.

"Chabwino," anatero a Chisale, osawonjezeranso mawu. Tinakafika m'tauni wailesi ili chete, ine ndikudziona kale ndikulimbirana minibasi m'bandakucha. Ndinadandaula, sindikubisirani.

M'mawa mwake hutala inalira pageti panga monga mwa masiku onse. Pachiwongolero panali makaniko wawo. A Chisale anali atakhala kumbuyo, mawondo atapinda, akundikodola kuti ndikhale pambali pawo.

Titangoponda tala, masaya awo anayamba kugwedezeka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayi Nabanda.

"Mayi, inu mwakhala mukumva zimenezi?"

"Eee bambo, pang'ono."

"Pang'ono? Izi? Nanga bwanji osanena?"

"Timaopa kuoneka osayamika."

Makanikoyo anati chinthu choyamba chimene amafunsa galimoto ikamanjenjemera ndi malo amene zikumvekera. Zikamveka pachiwongolero, amathamangira ku mateyala akutsogolo. Zikamveka pampando ndi pansi pa mapazi, amalowa kunsi. Tinapatukira kugalaja, komwe anatisonyeza chitsulo chachitali chozungulira chimene chimapereka mphamvu ku mateyala akumbuyo, eniake amati pulopushafuti. Galimoto itakwezedwa, chitsulocho chinapendekeka kwambiri, ndipo mfundo yake yakumapeto inali itadyeka. Anachigwedeza ndi dzanja, chikuchita khwekhwerekhwe. Chikanapululuka galimoto ili paliwiro, nkhani ya ku Mchinji ikanakhala ina.

Asintha mfundoyo, ndipo galimoto aitsitsako pang'ono. Dzulo tinayenda ngati tili pasofa.

Chimene chandikhalira m'mutu si chitsulocho ayi. Ndi yankho la mayi Nabanda lija. Ife tinaleredwa kuti wakuchitira zabwino usamuchititse manyazi, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma taufikitsa poti munthu akatithandiza, timamulipira ndi bodza.

Mlamu akulipirira mwana wako sukulu, ndiye sungamuuze kuti mowa wamuchulukira. Bwana anakulemba ntchito utavutika, ndiye ukungoonerera katundu akutuluka pakhomo lakumbuyo. Wina watikumbira mjigo pamalo pamene madzi amauma chilimwe chisanafike pakati, ife kuvina, kululutira, kenaka akapita n'kumang'ung'udza tili ndi zidebe pamutu.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Woyendetsa sangatsekule chitseko cha zimene sakuzimva. Si nthawi zonse pamene amakhala wouma mtima, kungoti mpando wake uli kwina.

Ndipo apa ndi pamene ndapezera chilimbikitso. Ndinkayesa kuti a Chisale akwiya, pamene iwo anangokhala chete chifukwa ankaganiza. Anthu ambiri amene timawaopawa akhoza kutidabwitsa titawapatsa mpata. Ena adzakwiyadi, sindikukana, ndipo lifiti ina idzatha. Koma alipo ochuluka amene akauzidwa mwaulemu amasiya chiwongolero n'kubwera kudzamva okha.

Tikutsika dzulo, mayi Nabanda anawerama pawindo mwa nthawi zonse. "Zikomo bambo, tayenda bwino. Koma chitseko ichi sichikutsekeka bwino."

A Chisale anaseka mpaka kutsokomola. "Mwayamba eti? Pitirizani, mayi."

Nanga inu, amene amakunyamulani ulere m'moyo uno munamuuza liti zoona? Kapena mukudikira kuti mudzakanene pamaliro kuti munkamva kale?