Loko wa pa khola la mbewa

Ba Mulenga, mbuya wanga wa Chibemba wotonzana naye mwa mwambo, lero mwanichititsa manyazi muli m'manda. Mukumbuka tsiku lija mdzukulu wanga Tisa anabwera na kanyama mu chitini, akuti ni hamusita? Ine mwana wa ku Katete n'nangoti, "Iyi ni mbewa yonona, bweretsani mchere." Mwana analira. Inu munaseka mpaka kutsokomola, n'kukatenga dilowa ya kabati yakale pa shedi yanu mu Kalingalinga. Munakhoma sefa pamwamba, munathira utuchi, n'kuika kagudumu kothamangiramo. N'nati, "Nyumba yonseyi ya ndiwo, ine nigona chipinda chimodzi?" Munati, "Kanyama kafuna malo, sikali pa lendi." Pomaliza munaika loko, kiyi n'kupatsa Tisa: "Loko uyu si wa pusi, mwana wanga. Ni wa ambuya ako."

Lero Tisa wapita ku sukulu yogonera komweko. Wanipatsa kiyi ija panja, azimayi a pa mpopi akuona, ati, "Ambuya, Ba Mulenga kulibe, lomba mlonda ndimwe." Ine misozi mbwee! Nkhalamba yokumba mbewa kulirira kiyi ya khoswe, azimayi mpaka anatula vigubu kuti aone bwino. Kanyama kaja nakapatsa nshawa, kadyera m'manja mwanga, mchere sin'nauganizeko n'komwe. Loko nakhoma ndithu monga munanenera. Sekani kumene muliko, mbuya. Muno mu komboni atsala ambiri oniseka, koma palibe woniseka bwino monga inu.