Mngelezi wa ku Chia

Fungo la chinangwa choviika likandipeza, ine nkhalamba yonseyi ndimayambanso kukukuta mano, ochepa amene atsalawa.

Ndili mwana ku Chia, masiku aja osalowa mumsika popanda khadi la chipani, ndinkaphunzira kalasi ya ubatizo. Zoloweza mayankho ndinkangoti ndiyamba Loweruka. Tsiku lina aphunzitsi athu, a Mbewe, adandiimiritsa pamaso pa anzanga. "Uyu ndi Zengerezu. Anzake akamabatizidwa, iye adzatsala."

Ndidanyadira, poganiza kuti andiyesa Mngelezi. Mlongo wanga ndiye adandimasulira, misozi ya phwete ili mbwee: "Mngelezi wa kuti iwe? Akuti ndiwe mlesi!"

Ndidalumbira kuti mkulu ameneyo ndidzawachititsa manyazi. Tsiku lililonse povuula chinangwa ndinkaloweza yankho limodzi, n'kulisunga ngati mwala wokawagenda nawo.

Pa mayeso ndidayankha mafunso onse, ndi a anzanga omwe, a Mbewe nditawatuzulira maso. Ndidadikira kuti azyolike. Koma iwo adaomba m'manja: "Mwamuona? Ntchito ya manja anga imeneyi!"

Ndidabatizidwa ndili chikwiyire. Ndazindikira ndi imvi kuti adandikola ngati nsomba, nyambo yake ili mkwiyo wanga womwe.