Nkhosa za Che Bwanali

Ndikakumbukira Che Bwanali, maso anga amayamba kuwawa ngati utsi wa ndowe ukufukabe kuseri kwa nyumba yathu ku Ledig. Anali mchona wa ku Mangochi amene chifuwa chinawachotsa ku mgodi, ndipo ankakhala moyandikana nafe ndi nkhosa zawo zisanu ndi zitatu. Ife tinali titangofika ku Joni, ine ndili kamtsikana kosamva Chitswana, choncho masana ndinkathera pakhola pawo, poti iwo ankandiyankhula Chichewa.

Chaka chimene mvula inachuluka, m'matope munaswana tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, toluma nkhosa n'kuzisiyira matenda. Dzuwa likapendeka Che Bwanali ankasonkha ndowe ndi masamba aawisi pakhomo pa khola, n'kumakupiza ndi katoni, akutsokomola mpaka kugwirira mpanda. Sizinathandize. Nkhosa zinayamba kutupa milomo, kuchucha dovu, kutsimphina ngati zaponda minga. Nthawi yoswa itakwana, mwana woyamba anabadwa wakufa, wachiwiri anangokhala tsiku limodzi osatha kuimirira kapena kuyamwa. Che Bwanali anawakwirira okha.

Tonse tinkadziwa kuti ankadikira anawo akule kuti awagulitse, apeze ya basi yobwerera kwawo kumene anachoka ali mnyamata.

Loweruka lina kunabwera bambo wa ku Zinniaville pa galimoto, akufuna nkhosa zitatu zoti akawete. Analoza zimene zinkaoneka zamphamvu. Che Bwanali anagwira imodzi, n'kuikanula kukamwa, n'kumuonetsa zilonda.

"Aikona," anatero. "Khola langa likudwala. Musatenge."

Galimoto itachoka, bambo anga, amene ankaonerera pampanda, analephera kuugwira mtima.

"Madala, mwadzitsekera nokha njira ya kumudzi! Munthu uja akanadziwa bwanji?"

"Iye sakanadziwa," anayankha akupukuta manja pa ovololo. "Koma ine ndikanadziwa msewu wonse mpaka ku Mangochi."

Nkhosa zinapulumuka zitatu zokha. Che Bwanali sanakaonenso kwawo. Anawaika konkuno patapita zaka ziwiri, ndipo bambo anga ankati akanagulitsa, bwenzi atagona pafupi ndi amayi awo. Mpaka pano sindinathe kuwatsutsa bambo.

Lero ndimagulitsa nkhuku pamsewu wopita ku mgodi. Kasitomala akaloza imene ndinaiona ikusinza m'mawa, ndimazengereza ndithu, poti nanenso ndili ndi ana. Kenako ndimaibwezera m'dengu n'kumuuza kuti asankhe ina.