Mipata Imene Pulogalamu Inadzaza

Ndinataya mkazi. Ndinataya nyumba ya kampani, poti inali m'dzina lake, iyeyo ndiye anali kalaliki ku esiteti ya tiyi. Ndinataya moni wa apongozi anga.

Atamutulutsa m'chipatala ulendo woyamba, namwino anati tizimuyeza m'mawa uliwonse, thupi likayamba kutsika tibwerere msanga. Kope ndi cholembera zikanakwana. Koma ine kukoleji ndinaphunzira zolemba mapulogalamu, ndiye ndinalemba kapulogalamu. Tsiku lililonse linkasunga zake: deti, makilo, kutentha kwa thupi, chimene wadya. Ndikalamula, zonse zinkatuluka pa sikirini yakuda m'tebulo, manambala atatsamira kumanja, mawu kumanzere. Ndinatha masiku awiri ndikukonza kuti mawu oti "phala la mgaiwa" asamakhotetse mizere.

Tsiku lina mkazi wanga anakana kukwera pasikelo. "Ndasanduka dengu la tiyi ine? Zoyezayeza ndinazisiya kuntchito." Malo a makilo anakhala opanda kanthu, pulogalamu n'kuima, tebulo osatuluka. Ndinawonjezera lamulo limodzi: nambala ikasowa, ibwereze ya dzulo. Tebulo linatulukanso looneka bwino, ine n'kuiwala za lamulolo.

Nditabwerera kuntchito ku Boma, manambala ankalowetsa yekha. Sindinadziwe kuti chizungulire chinkamulepheretsa kuima pasikelo, moti pa makilo ankangodumpha. Madzulo ndinkayamba ndaona tebulo ndisanavule nsapato.

Amayi ake anabwera kuchokera ku Milonde. Anangomuyang'ana kamodzi.

"Bambo, mwanayu watha. Tiyeni naye kuchipatala."

Ndinawatembenuzira laputopu, ndikuwalozera ndi chala kutsika mzere wonse: makilo omwewo, masabata awiri osasintha. Apongozi sadziwa kuwerenga. Anayang'ana chala changacho nthawi yaitali.

"Ophunzira ndinu," anatero, nanyamuka kuti asaphonye galimoto.

Patapita masiku anayi mkazi wanga anagwa pakhomo la bafa. Pomunyamula ndinakonzekera kulemera kumene ndinkakudziwa kuchokera m'tebulo, koma anali atapepuka moti ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Adokotala anandifunsa kuti kutsikaku kunayamba liti. 

Kuchipatala mkazi wanga sanalankhulenso. Mawu ake omaliza analankhula m'galimoto ya mnzanga imene inatitenga, mutu uli pamiyendo panga, tikudutsa m'minda ya tiyi. Nkhungu inali itaphimba phiri mpaka m'munsi. Anatsegula maso, nayang'ana pawindo.

"Inu, zovala zija mwaanula? Chiperoni chikubwera."