Kamzere Kachiwiri ka a Alufandika

Alamu anga a Wilkins Alufandika asamala kapinga pamalo ena ochitirapo maukwati ku Chileka kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndimaphika pamalo omwewo, ndipo zenera la khitchini yanga linayang'ana kubwalo kwawoko, ndiye musandifunse kuti zawo ndimazidziwa bwanji. Anakwatira achemwali anga a Fyness, ndipo nyumba yawo ili ku Lirangwe. Amapitako Loweruka m'mawa, mipando ya ukwati ikangoyamba kutsitsidwa, ati safuna kuona ndi maso awo nsapato zosongoka za azimayi zikuboola kapinga wawo. Amabwera Lolemba n'kuyamba kukwirira timaenje timodzitimodzi, uku akung'ung'udza.

Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, koma kuyenda kokhako anapatsidwa. Achemwali anga akhala akudandaula chikwatiwire. Popita kutchalitchi amuna awo ankafika, kukhala pansi, kutsegula buku, iwo adakali pachigayo kupukuta thukuta.

Chida chawo chachikulu ndi makina owazira. Amaoneka ngati wilibala ya matayala awiri, yokhala ndi chidebe pamwamba. M'chidebemo amathiramo mchenga wosefa, manyowa ouma ndi feteleza pang'ono. Pansi pake pali kachitseko, ndipo zothirazo zikadutsa pamenepo zimagwera pambale yozungulira imene imazimwaza pakapinga munthu akamakankha. Nkhani yonse yagona pakachitsekoko. Mukakatsegula kwambiri, feteleza amachuluka, kapinga amapsa. Mukakapana, kapinga amakhala ndi njala, amachita chikasu. Manambala amene anabwera ndi makinawo anafufutika kalekale, koma alamu analibe nawo ntchito. Chaka chawo choyamba anayala thumba pansi, kudutsapo ndi makina, kukokolola zimene zagwerapo n'kuthira m'kapu yachitsulo. Anabwereza mpaka kapu inadzaza ndendende mmene ankafunira. Atatero anatenga tupa n'kusema kamzere pachitsulo chotsegulira kachitseko. Kuyambira tsiku limenelo, kamzereko kanali lamulo.

Ndipo zinkawayendera. Mwezi wa Okutobala, Chileka yense ali mbuu ndi fumbi, bwalo la alamu limakhala biriwiri, lofewa moti ana a alendo amavula nsapato osauzidwa. Iwo amaima pakona manja kumbuyo, osaseka, koma ine ndimadziwa kuti mumtima akuvina.

Chaka chatha zinasokonekera. Anawaza monga mwa nthawi zonse, n'kuthirira. Patatha masiku anayi, bwalo linatuluka mizeremizere yofiirira, yopsa. Mayi Getrude, eni malowo, anaima pakhonde n'kuyang'ana nthawi yaitali. Si mayi woipa, koma kunali ukwati waukulu mwezi wotsatira.

“Bambo Alufandika,” anatero, “mukonze. Koma kapingayu akapsanso, ndiitana a kampani ya m'tauni azidzasamala bwaloli, inu mukapume.”

Mawu oti kupuma anawalasa alamu. Tsiku lomwelo anamasula makina onse, kutsuka, kudzoza girizi, kumanganso. Anati mchenga unali wonyowa, nauyanika. Anati feteleza wa masiku ano ngwaukali. Kenaka anatulutsa thumba lija ndi kapu ija n'kuyesa kuseri kwa thanki ya madzi, poganiza kuti palibe akuwaona. Kapu inasefukira. Anayang'ana chitsulo, chili pakamzere pomwepo. Anayesanso, inasefukiranso.

“Makinawa akalamba,” anandiuza atabwera kudzamwa tiyi.

Apo m'pamene mutu wanga unagwira. Kwa zaka zonsezi, tsiku lowaza ndinkatereka ketulo alamu akamayamba mzere woyamba kugeti, ndipo madzi ankawira iwo atafika pamtengo wa mango, kumapeto kwa bwalo. Koma sabata ija ndinakumbuka kuti madzi anawira, ndinathira masamba, tiyi n'kuyamba kuzizira, iwo adakali pampopi wapakati. Kachitseko kamataya mofanana, kaya munthu akuthamanga kaya akukwawa. Ukachedwa pamalo, pamagwera zambiri.

Ndinaimbira foni achemwali ku Lirangwe n'kuwafunsa ngati aonapo chachilendo pakayendedwe ka amuna awo. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe Connie, chaka chonsechi kutchalitchi tikumalowa limodzi. Ine ndimati kaya chikondi chabwerera kuukalamba kuno. Koma usawauze, wamva? Adzakhumudwa.”

Kusawauza? Ntchito ya munthu ikutha ine ndikuona? Mlamu ndiye amene amaloledwa kunena zimene mkazi amaopa, nanga chilamu n'chachiyani. Mawa lake ndinawapeza atagwada, akusuzumira pansi pa chidebe.

“Alamu, mukufuna chiyani kumeneko? Mwataya ndolo?”

“Pita ukaphike, iwe.”

“Makinawo asiyeni, alibe mlandu. Chakalamba ndi injini yake.”

“Alibe injini awa.”

“Ilipo. Imavala gambutsi, imamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga.”

Ndinayembekeza kuti andibwezera, poti timanyozana tsiku ndi tsiku. Koma iwo anangopitiriza kusuzumira pansi pa chidebe. Ndinawafotokozera za ketulo, ndi za kutchalitchi zomwe, ngakhale ndinaletsedwa. Anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo, ndipo ndinaona kuti nawonso aliona dzanjalo. Chisoni chinandigwira, ndinalakalaka n'kanameza mawu anga. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Alamu ndi munthu wamakani. Masana omwewo anadzaza mchenga wokhawokha m'chidebe n'kuyamba kukankha mwaliwiro lawo lakale, mutu uli pansi, miyendo ikuponyedwa kutali. Mzere woyamba anautha bwino. Wachiwiri anautha. Pakati pa wachitatu anaima, n'kukhala pansi pakapinga pomwepo, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ndege inadutsa pamwamba kukatera, iwo anaiyang'ana mpaka inabisika. Ine ndinachoka pazenera kuti asandione.

Masiku awiri sanabwere kudzamwa tiyi. Ndinati basi, chibale ndachipha ndi pakamwa pangapa.

Lachisanu m'mawa ndikusenda anyezi ndinamva kwee, kwee, kwee kuseri kwa thanki. Ndinatuluka mpeni uli m'manja. Alamu anali atayala thumba lija, kapu ili pambali yodzaza ndendende, osasefukira, ndipo ankasema kamzere kena ndi tupa, pang'ono chabe kumbuyo kwa koyamba kaja. Anali atayesa kasanu, akuyenda mmene miyendo yawo ikufunira tsopano, n'kumapana kachitseko pang'onopang'ono mpaka muyeso unabwerera.

Anathirira bwalo m'mawa ndi madzulo kwa sabata ziwiri, anadzala kapinga wina mopsa kwambiri muja, kenaka anawazanso pakamzere katsopano. Ntchito imene inkatha tiyi asanafike inawatengera mpaka dzuwa pamutu. Tonse tinadikira masiku anayi aja, ine ndikusuzumira pazenera ngati ndine mwini bwalo. Kapinga sanapse. Pofika tsiku la ukwati anali biriwiri kuyambira kugeti mpaka pamango, ndipo mayi Getrude za kampani ija sanazitchulenso. Anangotumiza nkhuku yophika kuti alamu apite nayo ku Lirangwe.

Panopa alamu adakalipo pantchito. Ketulo ndimatereka akafika pampopi wapakati, ndipo timakumana bwinobwino. Achemwali akuti Lamulungu amayenda limodzi, kucheza za mbuzi ndi za adzukulu, nkhani zimene zaka makumi atatu analibe poziyambira chifukwa wina anali kutsogolo.

Tsiku lina ndinagwira chitsulo chija n'kuwaseka.

“Alamu, timizere tiwiri tsopano. Kakale kaja bwanji osakafufuta?”

“Kasiye,” anatero. “Ako n'ka mnyamata uja ankasiya mkazi pachigayo. Aka ndiye kanga.”

Kenaka anayeza ndi chala mpata umene watsala pachitsulocho, kuchokera pakamzere katsopano kufika pamene kachitseko kamatsekekeratu.

“Waona? Patsala malo a tiwiri tina. Pita ukatereke madzi.”