Mfuti Yokana M'mawa

Nong Dolo anabadwira kunyanja ya mchere, pansi pa mitengo ya kokonati, koma anakalambira kumapiri a Bukidnon, kumene nkhungu imagona m'minda mpaka dzuwa litakwera. Anapitako ali mnyamata, kutsatira malo olima. Anabwera ndi chikwanje, malaya a pathupi, ndi chikhulupiriro chimodzi cha kwawo: kuti palibe chimene mafuta a kokonati angalephere. Ankadzola kumutu, ankapaka pabala, ankathira pachitseko chikamalira. Botolo lake linkakhala pashelefu pamwamba pa moto, ndipo mkazi wake, Nang Pilang, sankadikira kuti athe asanayenge ena.

Chaka chimene tsitsi lake linamaliza kuyera, akhungubwe anachuluka. Mvula itagwa anadzala chimanga, mbalamezo zinazula. Anadzalanso, zinazulanso. Mbewu yotsala m'thumba inali yodzala kamodzi basi. Mwana wake Luzminda, namwino wa mumzinda, ndiye anamugulira mfuti yaing'ono, ya zipolopolo zonga nyemba, nayendetsa yekha mapepala onse a boma. Dolo anaipukuta, naidzoza monga ankadzozera chilichonse chimene wachikonda, naitsekera m'kabati ya m'chipinda cha kumphepo.

Ankangofuna khungubwe mmodzi. Ukapachika mmodzi pamtengo pakati pa munda, anzake sateranso.

Anadzala kachitatu. Chimanga chitangoboola nthaka, analawirira mame akadali tho. Anawomba, naphonya, pakuti maso anali atayamba kufooka. Anatukula mpiringidzo wa mfuti, naukokera kumbuyo kuti chigoba cha chipolopolo chituluke. Mpiringidzo unabwera wokha. Chigoba chinatsala m'kati, chili phee. Mmene ankachitokosa ndi nsonga ya mpeni, mbalame zinali zitatera kale mbali ina ya munda.

M'mawa mwake chimodzimodzi. Anasintha zipolopolo. Anatsuka mpope wa mfuti ndi kansalu. Anawonjezera mafuta. Zinangoipiraipira. Pofika tsiku lachitatu akhungubwe anali ataphunzira: phokoso limodzi, kenako mtendere. Mizere ya kumunsi inali itayamba kuchita mipata.

Anakwera njinga yamoto yahayala kutsikira kutauni, kwa Nang Sebya. Mayi wamasiyeyu ndiye ananyamula Luzminda pa ubatizo, choncho iye ndi Dolo ankaitanana Mare ndi Pare. Ankakonza makina osokera, ankakonza mfuti monga anamuphunzitsira malemu mwamuna wake, ankagulitsanso timaayisi ta ana asukulu. Dolo anafika dzuwa lili paliwombo.

"Pare, nkhope yagwa chonchi, kwagwa maliro?" anatero Sebya.

"Ndi mfutiyi, Mare. Ikumeza koma sikulavula."

Sebya anapita nayo kuseri kwa nyumba, kumene kunali mulu wa dothi woyeserapo. Anawomba kasanu. Zigoba zisanu zinadumpha n'kugwera mu udzu.

"Wadwala ndani, mfuti kapena mwini wake?"

"Ndikulumbira, Mare, kumunda imakana!"

"Inu amuna inu. Mukaphonya mumanamizira chitsulo."

Komabe sanamubweze. Anasolola mpiringidzo, naunika m'kati ndi tochi.

"Munaiwombapo yopanda chipolopolo? Mtundu uwu ukatero, singano yake yomenya chipolopolo imakhoma mlomo wa mpope, zigoba n'kumakodwa."

"Sindinatero."

"Ndaona. Mlomo uli bwino."

Kumutu kwa mpiringidzo kuli kambedza kamene kamagwira chigoba n'kuchikoka. Sebya anakatukula ndi chikhadabo, nakasiya. Kanabwerera msanga, thwa. Anakwinya nkhope. Kenako anasendeza chitsulocho kumphuno.

"Pare! Mfutiyi mukufuna kukazingiramo nthochi?"

"Ndi mafuta a kwathu amenewo. Oyenga Pilang."

"Imakana nthawi yanji?"

"M'mamawa."

"Nanga masana?"

Dolo anakanda mutu. Anali asanawombepo masana.

Sebya anatsegula firiji, nagoneka mpiringidzo pakati pa timaayisi, natseka. Anamuthirira khofi, namufunsa za bondo la Pilang. Kapu itatha anatulutsa chitsulocho, natukulanso kambedza. Ulendo uno kanakhala kali yasa, osabwerera. Pansi pake panali patayera ngati kandulo.

"Mwaona? Kwanu kunyanja mafutawa sagona. Kumapiri kwanuko amaundana ndi chisanu, amadzuka dzuwa likatentha. Botolo lanu limakhala pati?"

"Pamwamba pa moto."

"Ndiye likanakuuzani bwanji?"

Dolo anayang'ana kambedzako nthawi yaitali. Zaka makumi anayi kumapiri, koma manja ake anali akadali a kunyanja. Anaseka mpaka kutsokomola.

Sebya anaviika mpiringidzo m'palafini, naukwecha ndi mswachi wakale, naupukuta mpaka kuuma. Anadonthezapo mafuta a makina osokera.

"Dontho limodzi, Pare. Limodzi. Si ndiwo izi."

Anaubwezeranso mufiriji kuti atsimikize. Utatuluka, kambedza kanalira thwa, kozizira komweko. Dolo atapisa dzanja m'thumba kuti alipire, Sebya anamumenya padzanjapo ndi mswachi.

"Thamangani kumunda, chimanga chikutha."

M'mawa wotsatira nkhungu inali yochindikala kuposa masiku onse. Dolo anawomba, naphonya monga mwa masiku onse. Akhungubwe anazungulira, natera pafupi, podziwa kuti tsopano ndi mtendere. Anakoka mpiringidzo. Chigoba chinadumpha, chinagwera m'mame. Chachiwiri sanaphonye.

Mizere ya kumunsi inatsala ndi mipata yake chaka chimenecho, koma munda wonse unakula. Ngayaye zitatuluka, chisanu chija chinali chitaleka. Dolo anathyola mondokwa woyamba, anadzaza thumba, natsika nalo kutauni Pilang asanalawe n'chimodzi chomwe. Pamwamba pa thumbalo anaika kabotolo ka mafuta a kokonati.

Sebya anakatukula, nakayang'ana.

"Aka n'ka chiyani, Pare?"

"Ka kumutu, Mare. Kumutu kokha."